Fomu ya mu Blantyre ikatengedwe ku Frankfurt chifukwa chiyani?

Lachiwiri lapitali ndinataya mmawa wonse ndikulimbana ndi kutsitsa fomu ya masamba awiri pa webusaiti ya ofesi ina ya mumzinda muno, lili tsiku lomaliza kulandira mafomuwo. Ndinali ku Limbe, ndipo ofesiyo ili poti minibasi imafika pasanathe mphindi 30, koma kachizindikiro kanangokhalira kuzungulira mpaka bandulo yanga inatha. Madzulo ake nditayendetsa traceroute, pulogalamu yoonetsa njira imene pempho limadutsa pa intaneti, ndinapeza kuti seva yawo, kompyuta yosunga webusaitiyo, ili ku Frankfurt, m'dziko la Germany. Mtima wanga sunaphwe mpaka lero.

Fomu ija siisintha. Yomwe ndinkafuna ine ndi yomweyo imene ankafuna wa ku Ndirande ndi wa ku Chilomoni, komabe aliyense wa ife pempho lake linatuluka m'dziko lopanda nyanja lino, kukalowa m'zingwe za pansi pa nyanja, kukafika ku Ulaya, n'kubwerera litasenza fayilo imodzimodziyo. Ife a mu Blantyre madzi athu ambiri amapopedwa ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, koma palibe mayi amene amapita ku Shire mwana aliyense akamva ludzu. Amatunga kamodzi n'kusunga mu mgolo.

Mgolo umenewu pa intaneti ulipo, dzina lake ndi caching reverse proxy. Ndi kompyuta imodzi yoima kutsogolo kwa seva yaikulu, yoikidwamo Nginx kapena Varnish, mapulogalamu oti salipiritsa ngakhale tambala. Munthu woyamba akapempha fayilo, iyo imakaitenga kutaliko n'kusunga kope lake, ndipo onse obwera pambuyo imawapatsa kopelo pompano mpaka nthawi yolembedwa mu Cache-Control, lomwe ndi langizo lonena kuti kope lisungidwe nthawi yaitali bwanji, itakwana. Mukaika ina ku Lilongwe ndi ina ku Mzuzu, n'kukonza DNS, yomwe imalumikiza dzina la webusaiti ndi kompyuta yake, kuti iziloza munthu ku yomwe wayandikana nayo, mwamanga CDN yanuyanu, kutanthauza gulu la makompyuta osunga makope pafupi ndi anthu. Malo okumanirana makampani a intaneti, Malawi Internet Exchange, ali mu Blantyre momwe muno kuyambira 2008. Tikusowanso chiyani?

Ena adzanena za kuthimathima kwa magetsi, ndikudziwa, koma batire ndi sola zilipo, ndipo kamakinako kakathima anthu angathe kulozedwanso ku Frankfurt komwe akupita kale lero. Chomwe ndikukana ine n'chakuti chinthu chosasintha chiziyenda ulendo wa kunja kwa dziko nthawi iliyonse munthu akachifuna. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Fomu ya anthu a mu Blantyre isungidwe mu Blantyre.

Ndipo inu oyang'anira mawebusaitiwa, kodi ndani anakuuzani kuti chithunzi cha bwana akudula riboni chiziikidwa pa tsamba loyamba monga momwe chatulukira mu kamera, osachichepetsa n'komwe? Tsiku lija chinayamba kutseguka ndi chithunzicho, pang'onopang'ono kuchokera kumutu, ndipo bandulo yanga inathera pa tayi yawo.