Fomu yofunsira malo ku yunivesite nayonso ndi mayeso, koma ana timawasiya okha

Abale, nkhani iyi yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi ndithu nde lero ndangoti ndiyitulutse. Chaka chilichonse maina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka timaona zithunzi ndi mafuno abwino mbwee pa Facebook, koma pali ana ena amene tsiku limenelo amazimitsa foni nkudzitsekera kuchipinda, ndipo ambiri mwa iwo anakhoza bwinobwino. Amene anawalakwira ndi ife akuluakulu, pa tsiku lodzaza fomu.

Ine zinandichitikira ndi mwana wa mlongo wanga. Mtsikanayu anakhoza mayeso omaliza ku sekondale moti pakhomo tonse tinasangalala. Tsiku lodzaza fomu anabwera kwa ine poti ndine ndinali ndi bandulo, tinakhala pampando umodzi foni ili pakati, iye nkundifunsa kuti "ankolo ndiyike chani apa?" Ine osaganiza kawiri ndinangoti ika udokotala poyamba, kenako famase, kenako uinjiniya, iwe ndi wanzeru. Anandiyang'ana kaye pang'ono ngati akufuna kunena kenakake koma anangolemba. Zonse zinatha mphindi makumi awiri. Kabuku kofotokoza zofunika pa kosi iliyonse kanali pomwepo pa webusaiti, sitinakatsegule nkomwe.

Maina atatuluka lake panalibe. Mnzake wa mkalasi amene anakhoza mocheperako anasankhidwa. Usiku umenewo ndi pamene ndinatsegula kabuku kaja, ndipo manyazi anandigwira. Makosi onse atatu amafuna giredi yamphamvu pa masamu, fizikisi kapena kemisitile, pamene mwanayo mapointi ake abwino aja anachokera ku Chingelezi, bayoloje, jogalafe ndi histole, masamu anangodutsa basi. Uinjiniya sanali woyenera nkomwe kufunsira, danga limenelo tinangolitaya. Ndimaganizabe mpaka pano kuti pomwe anandiyang'ana paja amafuna kundiuza zimenezi, koma poti ankolo ayankhula anangokhala chete.

Chinthu chimene makolo ambiri sitichimvetsa ndi ichi: zimene amalemba kuti ndi zofunika kuti ulowe kosi ndi chilolezo chongoimira pa mzere. Amene amalowa ndi amene ali kutsogolo kwa mzerewo. Tiyerekeze kosi ili ndi malo 60 ndipo afunsira anthu 900 onse oyenera, sukulu imangoyamba kutenga kuchokera pamwamba mpaka malo atadzaza, wa nambala 61 wagwa ngakhale anakwanitsa zonse zolembedwa. Nchifukwa chake malire amasintha chaka ndi chaka, zimene zinamulowetsa mkulu wako zaka zitatu zapitazo iwe sizingakulowetse lero. Nde mwana akadzaza madanga onse ndi makosi amene aliyense akulimbirana, ndiye kuti wasankha chinthu chimodzi katatu.

Ku UK vuto limeneli analiona kale. Kumeneko amafunsira kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a mayunivesite, munthu amaloledwa kusankha makosi asanu, koma a udokotala sangapose anayi, lachisanulo uyike china kapena ulisiye. Komanso fomu ya udokotala imatsekedwa pakati pa Okutobala, pafupifupi chaka sukulu isanatsegulire, pamene makosi ena ambiri amafika mpaka Januwale. Akutanthauza kuti ngakhale uli katswiri khala ndi pothawira. Ali nayonso ndondomeko yotchedwa Clearing, yoti amene sanapeze malo aone makosi amene sanadzaze nkufunsiranso. Ku Kenya giredi ya C+ ndi imene imakuyenereza digiri, koma C+ yomweyo siyingakulowetse udokotala, chifukwa kosi iliyonse amawerengera maphunziro ake ake.

Ndipo khomo limayamba kutsekeka kale kwambiri, mwana asanaganizeko za yunivesite. Ku South Africa akafika Giredi 10 amasankha pakati pa masamu enieni ndi ena opepukirako otchedwa Mathematical Literacy. Ambiri amathawira kopepuka kuti akhoze bwino, nkudzazindikira patatha zaka zitatu kuti uinjiniya ndi udokotala sizilandira masamu amenewo. Izi zili paliponse, mwana wa zaka 15 amasiya fizikisi poti aphunzitsi ake ndi aukali kapena mnzake wasiya, palibe wamkulu amene wamukhazika pansi nkumuonetsa kuti ukasiya ichi makosi awa ndi awa wawatsanzika. Aphunzitsi sindikuwanena, ali ndi makalasi odzadza ndi silabasi yoti amalize, koma ola limodzi pa teremu lofotokozera zimenezi lingapulumutse ana ochuluka.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi momwe timachitira mwana akasiyidwa, ngati maliro, ngati basi moyo wathera pomwepo. Chonsecho makomo ammbali alipo ndipo anthu akulowera momwemo tsiku ndi tsiku, kungoti sitiwatchula poti samveka apamwamba tikamacheza ndi anzathu. Ku Nigeria munthu wa dipuloma yovomerezeka amatha kulowa yunivesite kudzera pa Direct Entry nkuyambira chaka chachiwiri. Ku America anthu ambirimbiri amayamba zaka ziwiri ku koleji ya m'dera yotchedwa community college kenako nkusamukira ku yunivesite kukamaliza ziwiri zotsalazo, ndipo digiri yake imatuluka ndi dzina la yunivesiteyo. Open University ya ku UK, imene inakhazikitsidwa mu 1969, makosi ake ambiri a digiri yoyamba safunsa nkomwe kuti ku sekondale unakhoza bwanji. Wofuna za maakaunti atha kuyamba ACCA, mayeso a ukatswiri wa ntchitoyo, kuchokera pansi penipeni pa maphunziro ake oyambira nkumakwera pang'onopang'ono uku akugwira ntchito. Ku Germany achinyamata ochuluka amasankha dala maphunziro a ntchito zamanja ndi zaluso, masiku ena ku kampani masiku ena mkalasi, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, akulandira kangachepe, ndipo palibe amawaona ngati olephera.

Nelson Mandela anayamba kuphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg mu 1943 koma sanamalize. Digiri yake ya zamalamuloyo, LLB, anadzaipeza mu 1989 kudzera ku UNISA, yunivesite yophunzira uli kutali, ali mndende atakwanitsa kale zaka 70. Sindikunena kuti mwana wanu adikire mpaka imvi ayi, ndikungoti pepala limene munthu wotere anapeza polemberana makalata ndi sukulu ife tingalinyoze bwanji.

Koma ndisakunamizeni, njira yammbali ndi yayitali ndipo nthawi zambiri imadya ndalama zambiri, komanso makosi ena monga udokotala makomo ake ammbali ndi ochepa zedi. Kulinso anthu amene amadyera pa misozi ya makolo, nyengo imeneyi timakoleji timaphuka ngati bowa, timapepala tokongola, malonjezo akuti ukamaliza kuno yunivesite iliyonse ikulandira. Musanalipire kalikonse fufuzani ku bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba ngati sukuluyo ili yovomerezeka, komanso ngati kosi yeniyeniyo ili yovomerezeka, chifukwa sukulu itha kukhala ndi chilolezo koma kosi ina ilibe. Ngati ndi unamwino kapena uphunzitsi funsaninso bungwe lolembetsa anthu a ntchitoyo. Ndipo funso loti dipuloma iyi mumailandira kapena ayi mukafunse ku yunivesite imene mukufuna kudzalowayo, osati kwa amene akukugulitsani dipulomayo. Kuli anthu amene anakhala zaka ziwiri mkalasi nkudzauzidwa kuti ayambirenso chaka choyamba.

Mwana wa mlongo wangayo anakhala miyezi iwiri osafuna kumva za sukulu. Ndinapita kukamupepesa, ndinamuuza kuti kulakwa kunali kwanga osati kwake, kenako ndinamufunsa funso limene ndimayenera kufunsa tsiku loyamba lija, kuti iweyo ukufuna chani. Anati kuyambira kalekale amakonda za mapu ndi za nthaka, udokotala anangoumva kwa ife. Analembanso masamu okha, giredi inakwera, ndipo chaka chotsatira tinadzaza fomu masiku atatu, kosi iliyonse tikuwerenga mzere ndi mzere, imodzi yapamwamba imene amailakalaka, zina zimene magiredi ake amakwanira bwino. Anasankhidwa pa chisankho chachiwiri.

Mng'ono wake wamwamuna akulowa kalasi yosankha maphunziro teremu ikubwerayi, ndipo wanena kale kuti fizikisi akuisiya poti ndi yovuta. Loweruka lapitali tinakhala naye pampando womwe uja, kabuku kaja kali kotsegula, ndinamuuza kuti achonge kosi iliyonse imene yamusangalatsa. Anachonga zisanu ndi ziwiri, zinayi mwa izo zimafuna fizikisi. Sanayankhe kanthu, anangopempha kuti ndimutumizire kabukuko pa WhatsApp.