Summertime: kodi mwana uja ali kuti m'chimbale chilichonse?

Loweruka lapitali ndinathera madzulo onse pa nyimbo imodzi yokha, Summertime, ndikuimvetsera m'zimbale zosiyanasiyana, ndipo mnzanga amene anabwera kudzacheza anangotsala pang'ono kutsanzika pamene tinafika pa Janis Joplin, woimba rock wa ku America. Iye anati mayiyu anaiwononga nyimboyi, chifukwa nyimbo yogonekera mwana siyenera kukuwidwa ngati kuti pagwa zovuta. Tsikulo ndinangoseka, koma nkhaniyi sinandichoke m'mutu, choncho ndaona kuti ndilembe pano maganizo anga mofatsa. Ndikuona kuti ambiri amene amadandaula kuti woimba wina wawononga nyimbo yakale amakhala akuiyerekeza ndi mmene anaimvera koyamba pa wailesi, osafufuza kuti pamalo pake penipeni nyimboyo inkagwira ntchito yanji.

Nyimboyi anaipeka George Gershwin, mawu ake analemba DuBose Heyward, ndipo inamveka koyamba mu 1935 m'sewero la opera la Porgy and Bess, limene linayambira ku Boston lisanapite ku New York. Nkhani ya sewerolo imachitikira ku Catfish Row, malo a anthu akuda osauka okhala pafupi ndi doko la Charleston, ku South Carolina. Woiimba ndi Clara, mayi wachitsikana amene wanyamula khanda, ndipo akulitonthoza poliuza kuti nyengo ndi yabwino, nsomba zilipo, thonje lakula bwino ndipo bambo ake ndi munthu wolemera. Komatu bambowo, a Jake, ndi msodzi wamba. Sewero likamapita patsogolo, Jake amapita panyanja, namondwe amagubuduza bwato lake, Clara amasiya khandalo m'manja mwa Bess, mayi amene dzina lake lili pa mutu wa sewerolo, n'kuthamangira kunja kukafuna mwamuna wake, ndipo sabwereranso. Kumapeto, nyimbo yomweyi amaiimba ndi Bess, kuimbira mwana amene tsopano ndi wamasiye. Amene anakulira m'mphepete mwa nyanja, kumene mwera ukawomba amayi amaima pagombe kuwerenga mabwato amene abwerako, sangavutike kumva chimene chili pansi pa mawu okomawo. Ndi bodza lachikondi limene mayi amanena kuti mwana agone, iye mwini mtima uli m'malere, ndipo n'chifukwa chake Gershwin anaika mawu a chisangalalo pa nyimbo ya mu minor, kamvekedwe kamene kawirikawiri kamamveka kachisoni, yoyenda pang'onopang'ono pa manotsi ochepa kwambiri.

Kuchepa kwa manotsiko ndi kumene kunaitsegulira khomo m'chamba chilichonse. Ndime yake ndi ya timagawo (bars) 16 tokha, yomangidwa makamaka pa manotsi asanu, moti woimba lipenga, woimba gitala ndi woimba ng'oma aliyense amapezamo malo ambiri oikamo zake. Malamulo a ku America nawonso anathandiza, pakuti kumeneko nyimbo ikangotulutsidwa pa chimbale kamodzi, wina aliyense angathe kuijambulanso bola alipire ndalama yoikika kwa eni ake. Gershwin anamwalira mu 1937 ali ndi zaka 38, patangopita chaka chimodzi Billie Holiday ataijambula mu 1936, kotero zambiri zimene ndikunena pano iye sanazimve. Funso limene ndimafunsa chimbale chilichonse ndi limodzi: kodi mwana uja ali kuti?

Kwa Miles Davis, pa chimbale cha Porgy and Bess chimene anajambula ndi Gil Evans, wokonza kayimbidwe ka gulu, mu 1958, mwanayo ali m'manja ndipo watsala pang'ono kugona. Davis anatseka kukamwa kwa lipenga lake ndi chotsekera chachitsulo, kotero kuti limamveka ngati munthu akunong'oneza pafupi ndi khutu, pamene kumbuyo Evans anaika kachidutswa kamodzi kakafupi kamene zoimbira zina zimakabwereza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga mayi amagwedezera mwana kumsana mosasintha. Palibe liwu la munthu, komabe nkhawa ya Clara imamveka m'mipata imene Davis amasiya osaimba kanthu. Ella Fitzgerald ndi Louis Armstrong, amene anaijambula mu 1957, anaiimba mokoma kwambiri, ndipo sindingatsutse luso lawo, koma poti ndime ina amaimba mayi, ina bambo, mwana wawo ali ndi makolo onse awiri ndipo lonjezo la m'nyimbo limamveka ngati loona. Ndi yokoma kuimvetsera pa chakudya, koma ya Catfish Row yachepamo.

John Coltrane, pa chimbale cha My Favorite Things cha mu 1961, anachita zosiyana. Anaithamangitsa, anaitalikitsa kupitirira mphindi 11, ndipo sakisofoni yake ndi ng'oma za Elvin Jones zimakankhana ngati mafunde. Mmenemo ine sindimva mayi kapena mwana. Ndimamva namondwe amene anameza bwato la Jake. Anthu okonda jazz samuimba mlandu Coltrane pa zimenezi, ndipo apa ndi pamene ndimayamba kukayikira chilungamo cha otsutsa Joplin, chifukwa ufulu umene amapereka kwa woimba sakisofoni amaumana mayi woimba ndi pakamwa.

Tsopano ndifike kwa Billy Stewart, amene amandivuta kwambiri pa onsewa. Mu 1966, ku kampani ya Chess mumzinda wa Chicago, Stewart anaijambula pa chimbale cha Unbelievable, ndipo inafika pa nambala 10 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka ku America. Amaiyamba ndi kugudubuza lilime kwanthawi yaitali, kenako malipenga amalowa mwamphamvu, iye n'kumadula mawu pakati, kuwabwereza kawiri katatu ngati wachibwibwi wadala, mpaka liwu lake kusanduka ng'oma ina. Amene ankaimba ng'oma zenizenizo anali Maurice White, yemwe pambuyo pake anayambitsa gulu la Earth, Wind & Fire, ndipo ukamvetsera bwino umamva kuti soul ya nthawi imeneyo inali itayamba kale kulowera ku funk, chamba chimene chimaika kugunda patsogolo, mawu n'kubwera pambuyo. Ndimaikonda kwambiri, ndipo ikalira sinditha kukhala pansi. Koma ndiyenera kuvomereza kuti mmenemu mwana mulibe. Stewart anatenga mawu a Clara monga momwe alili pamwamba, kuti nyengo ndi yabwino ndipo moyo ukukoma, n'kuwasandutsa phwando. Ngati pali amene anachoka kutali ndi chiyambi cha nyimboyi ndi iyeyu, komabe mnzanga uja ankagwedeza mutu mokondwera ikulira, osanenapo za kuwononga. Sindikumuimba mlandu Stewart, chifukwa anatenga mafupa a nyimbo n'kumangapo thupi lake limene laima palokha, ndipo anachita zimenezo poyera, osanamizira kuti akugoneka mwana. Chimene ndikunena n'chakuti makutu athu amakhululukira msanga kusintha kumene kumatisangalatsa kusiyana ndi kumene kumatisowetsa mtendere, kenako timatcha kusowa mtendereko kuti kusalemekeza nyimbo.

Joplin anaijambula ndi gulu la Big Brother and the Holding Company la ku San Francisco pa chimbale cha Cheap Thrills cha mu 1968, chimene anachikonza kuti chimveke ngati chojambulidwa pamaso pa anthu ngakhale mbali yaikulu inajambulidwa mu situdiyo. Sam Andrew ndi amene anaikonza, ndipo imayamba ndi gitala yoyenda mofatsa m'kayimbidwe kokumbutsa Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany, kenako gitala yachiwiri ya James Gurley imalowa n'kulukana nayo ngati zingwe ziwiri. Pamene Joplin akulowa, sayamba ndi kukuwa, monga amaganizira amene sanaimvetsere mpaka kumapeto. Amayamba ndi liwu laling'ono, lapamwamba, losasa, long'ambika pakati moti nthawi zina umamva ngati manotsi awiri akutuluka pakhosi limodzi. Ndi liwu la munthu amene walira usiku wonse ndipo tsopano akuyesetsa kuti mwana asazindikire. Akafika pouza mwanayo kuti asalire, amabwereza kukanizako kambirimbiri, mofulumira, mpaka umazindikira kuti amene akuletsedwa kulira ndi woimba yemweyo. Pakati pa nyimbo magitala amaphulika mwaukali kwa kanthawi, kenako amabwerera ku kufatsa kuja ngati palibe chachitika.

Kwa ine, ameneyu si Clara wa kumayambiriro kwa sewero, amene mwamuna wake akadali pafupi. Ameneyu ndi Bess wa kumapeto, mayi wa moyo wosokonekera, wolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, amene wasiyiridwa mwana wa mnzake ndipo akumuimbira za bambo wolemera akudziwa kuti bamboyo ali pansi pa nyanja. Malo amenewo Gershwin anawalemba yekha m'sewero lake, ndipo pa zimbale zonse zimene ndinamvetsera Loweruka, chimbale cha rock ndi chimene chinafikapo. N'zoona kuti mwana weniweni sangagone ndi kuimba koteroko, ndipo pamenepa mnzanga sanalakwe. Koma aliyense amene anaonapo mayi akuchucha misozi uku akugwedeza mwana kumsana amadziwa kuti nyimbo yotonthoza imagwira ntchito pa anthu awiri, ndipo nthawi zina wamkuluyo ndi amene amaifuna kwambiri. Joplin anamwalira mu October 1970 ali ndi zaka 27, chaka chomwecho chimene Stewart anafera pa ngozi ya galimoto ku North Carolina, koma sindifuna kuti imfa yake ikhale chifukwa choikondera nyimboyi, pakuti zimene ndanenazi zili m'chimbalemo ngakhale kwa amene sadziwa mbiri yake.

Ngati mukufuna amene amaiwonongadi Summertime, musawafune pakati pa okuwa kapena ovina. Ali m'zimbale zosalala zimene zimalira chapansipansi m'mahotela ndi m'malo odyera, mmene sakisofoni imatsata manotsi onse molondola, popanda kusintha kanthu, ndipo mulibe mayi, mulibe mwana, mulibe namondwe, mulibe ngakhale phwando la Stewart. Zimenezo palibe amene amazidandaula, chifukwa palibe amene amazimva.

Mnzanga uja popita anandipempha kuti ndimutumizire ya Billy Stewart pa WhatsApp. Ndinamutumizira, koma ndinaonjezerapo gawo la m'sewero pamene Bess akuimbira mwana wa Clara, ndi ya Joplin pambuyo pake, n'kumupempha kuti azimvetsere motsatizana mmenemo. Mpaka lero wangoyankhapo za Stewart yekha.