CHENJEZO: Lekani kupeputsa anzanu mu mpingo

Abale ndi alongo, ana anga achinyamata, ndi inunso atsogoleri, tandimverani kaye. Pali khalidwe lomwe lazika mizu m'mipingo masiku ano, loona ngati anthu ofunika ndi okhawo amene amagwira maikolofoni, ndipo likuwononga mpingo ife tikupenya.

Tsiku lina mudzalawire ku tchalitchi mapemphero asanayambe mudzaone nokha. Mupeza mayi wina anafika kale, asesa, akolopa, akupukuta mabenchi limodzilimodzi mpaka kutsogolo, mnyamata wina wanyamula masipika akulumikiza mawaya thukuta lili kamukamu. Ndiye inu mukutulukira mochedwa matope ali kunsapato, kupondaponda pomwe pakolopedwa, mwana wanu akung'amba mapepala kumwaza pansi inu maso ali pa foni basi. Mayi aja ngakhale moni simuwapatsa, dzina lawo simulidziwa chikhalirecho mwapemphera nawo zaka ndi zaka, koma kukabwera mlaliki wachilendo ndiye liwiro kukajambulitsa naye kuti muike pa Facebook. Mnyamata wa masipika uja mumangomukumbukira tsiku lomwe maiki yalira, aliyense kutembenuka kumuyang'ana ndi diso loipa. Zimenezi ndi zochititsa manyazi ndithu.

Matendawa si atsopano ayi. Mpingo wa ku Korinto unali nawo, ena ankadziona apamwamba chifukwa cha mphatso zawo, mpaka Paulo anachita kuwalembera. Kawerengeni 1 Akorinto 12 mofatsa, osangothamanga. Akuti diso silingauze dzanja kuti sindikukufuna, mutunso sungauze mapazi zimenezo, ndipo akupitiriza kunena kuti ziwalo zooneka zofookazo ndi zomwe thupi silingachite popanda izo, chimodzi chikamva kuwawa zonse zimamva nawo. Amene munakhumudwapo kachala kakuphazi pamwala mukudziwa, kamachepa koma munthu yense amatsimphina.

Chomwe ndikufuna muchiganizire kwambiri chili pa Machitidwe 6. Dandaulo loyamba lomwe timalimva mu mpingo wa ku Yerusalemu silinali la chiphunzitso, linali loti amasiye a Ayuda olankhula Chigiriki ankaiwalidwa pogawa thandizo la tsiku ndi tsiku. Atumwi sananene kuti aaa izi ndi zazing'ono tiyeni tizingopemphera. Anaitanitsa mpingo wonse, nasankhitsa amuna 7, ndipo taonani muyeso wake, anafuna anthu a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, pa ntchito yongotumikira amasiye! Anawapempherera n'kuwasanjika manja. Mmodzi mwa iwo ndi Stefano yemwe uja anaponyedwa miyala chifukwa cha Yesu, winanso ndi Filipo amene anakalalikira ku Samariya. Nkhaniyo itakonzedwa timawerenga kuti ophunzira anachulukirachulukira. Nanga ife lero ntchito zoterezi timazitani? Timakankhira amene timawaona ngati osaphunzira kapena osauka, eti poti alibe zochita, osawapempherera, osawathokoza, ndipo akalakwitsa kamodzi timawakalipira pagulu ngati antchito athu.

Ku Yopa kunali Tabita, wotchedwanso Dorika. Palibe ulaliki wake umene unalembedwa. Koma atamwalira amasiye anamuzungulira Petro akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zomwe mayiyu anasoka ali moyo, ndipo Mulungu anamuukitsa. Singano ndi ulusi basi.

Tsopano inu atsogoleri, ndikulankhula mwaulemu koma sindibisa. Lekani kukumbatira maudindo onse, inu nomwe wapampando, inu nomwe msungichuma, inu nomwe oyambitsa nyimbo, achinyamata akangoti tithandizeko mukuti sanakhwime, akhwima liti ngati simukuwapatsa mpata? Mose yemwe anachita kuuzidwa ndi mpongozi wake Yetero kuti ukamaweruza wekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo utopa iwe pamodzi ndi anthuwa, sankha ena akuthandize, ndipo anamvera. Chinanso ndi tsankho. Wopereka zambiri akajomba Sande imodzi komiti yonse imayimba foni kufunsa ngati ali bwino, koma mphunzitsi wa Sande sukulu yemwe wakhala akulimbana ndi ana athu osamvawa kwa zaka akadwala mwezi wathunthu palibe ndi mmodzi yemwe wokamuzonda, timangodandaula kuti ana akusokosera. Yakobo 2 anatichenjeza kale za kupatsa mpando wabwino wovala mphete yagolide n'kumuuza wosauka kuti ima uko, ndipo anachitchula kuti ndi tchimo. Dziwani kuti anthu opeputsidwa sachita phokoso pochoka, amangoyamba kukhala kumbuyo, kenako kubwera mwa apo ndi apo, kenako zii, ndipo ena sapitanso ku mpingo wina uliwonse. Mlandu umenewo tidzayankha ndife.

Inunso amene mumangobwera kudzakhala pabenchi n'kumati ine ndilibe mphatso, musaganize kuti ndakuiwalani. Ena mwa inu ndi akatswiri pothira ndemanga, kwaya yaimba moipa, ulaliki watalika, kuchimbudzi kwada, koma akalengeza tsiku la ntchito simuoneka, mu gulupu ya WhatsApp mumangowerenga n'kukhala duu. Pa Mateyu 25 kapolo amene anadzudzulidwa ndi uja analandira ndalama ya talente imodzi n'kukaikwirira pansi, kuchepa kwakeko sikunamupulumutse. Simudziwa kuimba, chabwino, koma kulandira mlendo pakhomo n'kumusonyeza pokhala mungalephere? Kugwira dzanja agogo pokwera masitepe, kuwerengera Baibulo amene maso anafooka, kunyamula mipando mapemphero akatha, kukhala ndi wodwala ola limodzi, zonsezi zikusowa anthu pomwe tchalitchi chimadzaza.

Ndiye Sande ikubwerayi mufike msanga, mufunse amene amasesa aja dzina lawo, muwathokoze, tsache linalo mutenge inu. Makolo muwauze ana anu atole zomwe ataya. Ndipo a komiti mutsegule buku la mayina muone amene sanaoneke mwezi uno, mugawane, muwayendere onse sabata yomwe ino posayang'ana kuti amapereka zingati.