Mapu a madzi osefukira afike m'manja mwa eni chigwa

Abale anga a ku Chikwawa ndi Nsanje, pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Madzi akasefukira kuno kuchigwa, pasanathe masiku ambiri akatswiri amakhala atatulutsa mapu ochokera pa zithunzi za masetilaiti (makina ozungulira dziko m'mlengalenga), osonyeza paliponse pamene pamira. Zinatero mu Januwale 2015, zinateronso ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mapuwo amathandiza a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi mabungwe kudziwa kotumiza maboti, chimanga ndi matenti, ndipo ntchito imeneyo ndi yotamandika. Koma kodi mayi wa ku Makhanga amene dimba lake linakwiririka ndi mchenga anawaonapo mapu amenewa?

Setilaiti ya ku Ulaya yotchedwa Sentinel-1 imajambula ndi radar, ndiye kuti imatumiza mafunde pansi n'kuyeza amene abwerera, choncho mitambo siitchinga, usiku nawo suyiletsa. Mafunde ake akagunda pamadzi osalala amathawira kwina osabwereranso, ndiye pachithunzi madzi amaoneka bii. Zithunzizi n'zaulere pa intaneti. Mukayika cha chaka china pambali pa cha chaka chinzake, mumaona ndi maso anu pamene Ruo inasiya njira yake mu 2015, pamene Shire imakonda kuphulikira, komanso timitunda timene timatsala touma ngakhale madzi atakula chotani. Timitunda timeneti ndi timene ndikulirira ine.

Chaka ndi chaka timamva mawu omwewo akuti samukirani kumtunda. Kumtunda kwake kuti? Munthu amene amadalira dimba, chimanga cha m'chilimwe, mbatata ndi nsomba za ku Elephant Marsh sangapite kutali ndi madzi popanda chodyera. Mapu atha kutionetsa malo otetezeka amene ali pafupi ndi madimba, pomanga sukulu, pokumba mjigo, poyika msasa wothawirapo, kuti tisamamangenso pamalo pamene madzi adzabwerera.

Inde, setilaiti siidutsa pamwamba pathu tsiku lililonse. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi Thyolo, Ruo imadzaza usiku umodzi, ndipo chimene chimapulumutsa moyo pamenepo ndi munthu woyang'ana mlingo wa madzi mumtsinje, foni, wailesi ndi wenzulo wa komiti ya m'mudzi. Zimenezo zilimbikitsidwe ndithu.

Pempho langa kwa makhonsolo athu awiriwa ndi ili: sindikizani mapuwa pamapepala akuluakulu mvula isanayambe, mulembepo mayina a midzi, mitsinje ndi misika m'Chichewa ndi m'Chisena. Muwapereke kwa mafumu, makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi aphunzitsi. Akhale pansi pa mtengo ndi agogo amene akukumbukira pamene madzi ankafika kale, alozerane chala pamapu, agwirizane kothawira Disembala asanafike.