Tsidya lino ndi tsidya ilo la Rhine: amasula bwanji amisiri okonza makina a m'fakitale

Kuchoka ku Strasbourg m'dziko la France kupita ku Kehl m'dziko la Germany n'kungooloka mlatho. Chiyambire 2017 pali kasitima kamumzinda komwe kamadutsa pa mtsinje wa Rhine, ulendo wa mphindi zowerengeka. Mafakitale a mbali zonse ziwiri ali ndi zipangizo zofanana: malamba oyenda okha, maloboti, masensa (tizipangizo tozindikira kuti chinthu chafika kapena chadutsa), ndi kabokosi kolamulira zonsezi komwe amisiri amangoti PLC. Koma mwana wa zaka 16 wofuna kudzakhala wokonza makina amenewa, njira yake imatengera tsidya lomwe wakulira.

Ku Germany amayamba ndi kufunafuna kampani, sukulu imabwera pambuyo. Akamutenga amasainirana mgwirizano ndipo amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi. Chiyambire 2020 lamulo linaika malire oti kangachepeko kasatsikirepo, ndipo chaka chimenecho anali mayuro 515 pa mwezi kwa wa chaka choyamba. Ntchito ya Mechatroniker, yomwe inakhazikitsidwa mu 1998 pophatikiza zamagetsi, zazitsulo ndi zakompyuta, amaiphunzira zaka zitatu ndi theka. Masiku atatu kapena anayi pa sabata amakhala m'fakitale, otsalawo kusukulu yotchedwa Berufsschule. Mayeso sakonza ndi aphunzitsi ake, amayendetsa ndi bungwe la makampani a m'deralo, IHK, ndipo gawo loyamba, lolembedwa chaka chachiwiri chisanathe, limatenga magawo 40 pa 100 a malikisi onse. Palibe zoti ndidzalimbikira kumapeto.

Ku France mwambo wakale ndi wa sukulu. Mwana amalowa lycée professionnel zaka zitatu, kufakitale amangopitako masabata pafupifupi 20 pa zaka zonsezo. Wofuna kupitiriza amaonjezera zaka ziwiri n'kutenga dipuloma yotchedwa BTS. Satifiketi ndi ya boma, yofanana dziko lonse.

Kusiyana kwake kumaonekera poyera makina akaima. Tinene kuti lamba wonyamula mabotolo waima pakati pa shifiti ya usiku, alamu ikulira, ogwira ntchito angopinda manja. Wophunzira amene wazolowera zam'kalasi amathamangira laputopu, kutsegula pulogalamu ya PLC n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere, poganiza kuti vuto lili mmenemo. Amene wakhalitsa pafupi ndi makinawo amatsegula kabati, kuyang'ana timagetsi ta pa PLC, n'kuona kuti kamodzi komwe kamayenera kuyaka botolo likafika sikakuyaka. Amapita pa sensayo, kuyeza ngati magetsi a mavolti 24 akufikapo, n'kupeza kuti kagalasi kake kangodetsedwa ndi madontho a chakumwa, kapena kuti bawuti yamasuka ndipo sensa yakhota pang'ono. Kansalu ndi sipanala, basi lamba wayenda. Pulogalamu yomwe inkagwira bwino dzulo siisintha yokha usiku. Zomwe zimatha ndi mawaya, masensa, mavalavu ndi mapaipi a mpweya. Zimenezi mphunzitsi akhoza kuzinena kakhumi m'kalasi, koma zimalowa m'mutu tsiku lomwe wataya ola lathunthu pa laputopu bwana atakuimirira kumsana.

Apa ndiye Ajeremani ndimawapatsa ulemu. Makina ophunzirira a kusukulu, ngakhale abwino ngati a kampani ya Festo Didactic, amaonongeka mwaulemu: mphunzitsi wazula waya mmodzi, iwe kaupeze. Makina enieni amavuta mwachipongwe. Amaima kukatentha, ukafika ayambanso okha, ndipo chojambula cha mawaya chomwe chili m'kabati sichikugwirizana ndi zomwe wina analumikiza zaka khumi zapitazo osalemba paliponse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotereku sikuphunzirika pa masabata 20. Chomwe kampani ya ku Germany imalipira kwenikweni si kangachepe kaja ayi, koma nthawi ya mmisiri wamkulu amene amaima pambali n'kumulola mwanayo kufufuza pang'onopang'ono, iye vutolo ataliona kale.

Komabe njira imeneyi ili ndi zilema zake. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pomwe wophunzira wa ku Germany kawirikawiri amakulira m'kampani imodzi. Akapeza malo pa kampani yaikulu yokhala ndi malo akeake ophunzitsira, wadya bwino. Akagwera pa kakampani kokhala ndi makina amtundu umodzi, amatuluka akudziwa amenewo okha, ngakhale kuli malo ophunzitsira a makampani angapo pamodzi omwe amayesetsa kukwirira mpatawo. Chinanso, m'zigawo zambiri za dzikolo ana amawagawa m'masukulu osiyanasiyana ali ndi zaka pafupifupi 10, zomwe kwa ine n'kufulumira kuweruza mwana. Ndipo masiku ano malo ophunzirira ntchito masauzande ambiri amatsala opanda munthu chaka chilichonse, achinyamata akukonda yunivesite.

Wa BTS wa ku France naye si munthu womuderera. Masamu ndi maziko a zamagetsi amakhala atazigwira, choncho fakitale ikagula makina atsopano kapena ikasintha mtundu wa PLC, sachedwa kuzolowera. Chomwe amasowa miyezi yoyamba ndi manja ndi khutu, lija lomva kuti mota iyi ikulira mosiyana ndi dzulo. A ku France eniake anaziona zimenezi. Lamulo la mu 2018 linapeputsa kutsegula malo ophunzitsira ntchito, boma linathira ndalama zothandiza makampani otenga ophunzira, ndipo migwirizano yatsopano inachoka pa pafupifupi 300,000 pa chaka kufika kupyola 800,000 mu 2022. Kungoti ambiri mwa oonjezerekawo ndi a maphunziro apamwamba, osati ana a zaka 16 aja.

Switzerland, yomwe imachita malire ndi maiko onse awiri, inapendekera kwa Ajeremani n'kuonjeza: wokonza makina oyenda okha, yemwe kumeneko amamutcha Automatiker, amaphunzira zaka zinayi, ndipo achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse amalowera njira yophunzira ntchito.

Chomwe chimandiseketsa n'chakuti nzeru zam'kalasi za ku France zinaoloka Rhine kalekale. Kajambulidwe koonetsa sitepe ndi sitepe mmene makina amayendera, kotchedwa GRAFCET, kanapangidwa ku France mu 1977, kenako kanasanduka muyezo wa maiko onse. Lero wophunzira wa ku Kehl, atavala ovolosi yake yamafuta, amayenera kukadziwa kuti akhoze mayeso a IHK.