Mkangano wa America ndi China pa Taiwan ukutikhudza ifenso

Akuluakulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo ndikamatsatira nkhani ya America ndi China ndimaona kuti khola limene akulimbiranalo ndi chilumba cha Taiwan ndi nyanja yochizungulira. Kuyambira mu 1949, pamene Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa boma lakale la China, ndi asilikali ake anathawira pachilumbachi atagonja pankhondo yapachiweniweni ya ku China, boma la ku Beijing limati Taiwan ndi gawo la dziko lake. America inazindikira boma la ku Beijing mu 1979, koma chaka chomwecho inakhazikitsa lamulo loti izipereka ku Taiwan zida zodzitetezera, ndipo ndondomeko yake mpaka lero ndi yosanena poyera ngati ingalowerere nkhondo itabuka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti mbali zonse ziwiri zikuchita zinthu chifukwa cha mantha. America ikuopa kulandidwa mpando umene yakhalapo kwa zaka zambiri, pomwe China ikuona ngati anthu akuitchinga mpanda kuti isakule, makamaka kuchokera mu 2022 pamene America inaletsa kugulitsa ku China tizipangizo tamphamvu ta makompyuta. Mu Ogasiti chaka chomwecho Nancy Pelosi, amene panthawiyo anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya ku America, atapita ku Taipei, likulu la Taiwan, China inaombera mizinga m'nyanja mozungulira chilumbacho. Munthu wamantha amene wagwira mfuti sachedwa kulakwitsa.

Amalawife nkhaniyi si yachilendo. Chipatala chachikulu cha Mzuzu anatimangira ndi a ku Taiwan, koma kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubalewo n'kugwirana chanza ndi China, imene inatimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga-Chitipa. Mu Africa muno ndi Eswatini yokha imene idakali paubale ndi Taiwan.

Tizipangizo tambiri ta m'mafoni amene tikuwerengerapo uthengawu timapangidwa ndi kampani ya TSMC ku Taiwan komweko, ndipo sitima zambiri zonyamula katundu zimadutsa m'nyanja imeneyo. Tinaona mmene nkhondo ya ku Ukraine inakwezera mtengo wa thumba la feteleza, mpaka alimi ena kumagula wa pambale. N'chifukwa chake ndikupempha atsogoleri athu kuti polandira ngongole kapena thandizo kuchokera ku Beijing kapena ku Washington, asasaine pangano lililonse lotikakamiza kusankha mbali popanda kulibweretsa poyera ku Nyumba ya Malamulo.