Sitelingi amene amafa tsiku lililonse

Ambirife tinakula tikudziwa kuti mufilimu yankhonya sitelingi safa. Zipolopolo zimamuphonya, bomba likaphulika amangodzisansa fumbi n'kupitiriza ulendo. N'chifukwa chake ine ndimakonda kwambiri mafilimu aja oti tsiku limodzi limangobwerezabwereza, chifukwa m'menemo sitelingi amafa, kufa kwenikweni, kambirimbiri.

Taonani filimu ya Edge of Tomorrow ya 2014. Tom Cruise akusewera ngati William Cage, msilikali wa mu ofesi amene ntchito yake n'kulankhula pa wailesi yakanema, wamantha ndithu. Amuponya pagombe la ku France kukamenyana ndi zilombo zochokera kunja kwa dziko lino, ndipo sachedwa kufa. Koma pofapo magazi a chilombo chimodzi amuthira, basi adzidzimuka ali ku Heathrow, bwalo la ndege la ku London, dzulo lake. Afanso, adzukanso pomwepo.

Ena amati kubwerezaku n'kotopetsa, ati kuli ngati gemu. Ine ndikukana. Apa m'pamene timaona ndi maso athu mmene luso limabwerera. Cage sanabadwe ali chiphona. Phazi lililonse limene waponda bwino pagombe lija analigula ndi imfa. Source Code ya 2011 nayonso inayenda choncho, Jake Gyllenhaal kubwerera m'mphindi 8 zomwezo m'sitima yopita ku Chicago kufunafuna wotchera bomba.

Koma chimene chimandikhudza mtima si nkhondoyo. Ndi zakuti yemwe akukumbukira ndi munthu mmodzi yekha. Rita, msilikali mnzake wa Cage (gawoli akusewera ndi Emily Blunt), tsiku lililonse amamuona Cage ngati mlendo, pamene Cage wamuona akufa kosawerengeka. Pali pena afika panyumba ina yakumunda, Cage n'kumupangira khofi, shuga wake ndendende mmene amakondera. Rita angomuyang'ana n'kuzindikira kuti pamalopo anafikapo kale kangapo, ndipo kuti iye sapitirira pamenepo wamoyo. Anzanga, ndi filimu iti yankhonya imene inakupatsanipo chisoni chotere popanda kuwombera mfuti?

Chondiwawa ndi mathero ake okha. Cage atathiridwa magazi ena atavulala, mphamvu yobwereza ija imatha, ndipo ulendo wa ku Paris wokathana ndi zilombo zija umakhala wa moyo umodzi basi. Pamenepo mtima umagunda zedi. Kenako opanga filimuyi anabwezanso nthawi, onse amene anafa n'kukhalanso ndi moyo. Imfa ya Rita ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Paris, inayenera kusiyidwa momwemo.